Funsani Mmisiri: Besi M'galimoto Yaing'ono Popanda Sabuwufa

FUNSO

A Mmisiri, ndili ndi Toyota Vitz yomwe ndinaitanitsa kuchokera ku Japan zaka zitatu zapitazo, ndipo ndimaigwiritsa ntchito poperekera katundu m'magolosale. Buti imakhala yodzaza tsiku ndi tsiku, choncho bokosi la sabuwufa lilibe malo, komanso injini yake ndi ya 1000cc, sindikufuna kuilemetsa. Wailesi yomwe inabwera nayo ndinaichotsa chifukwa inkalekezera pa 90 FM, ndinaika ina yolembedwa 50W x 4, kenako ndinagula masipika atsopano a m'zitseko olembedwa 300W. Besi kulibe. Ndikakweza, zitseko zimangonjenjemera ngati malata a denga lopanda misomali. Mnzanga akuti popanda sabuwufa ndikungotaya ndalama. Kodi akunena zoona?

Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO

Bambo, mnzanuyo wanena zoona mbali imodzi yokha. Alipo mawu otsikitsitsa, aja amene munthu amawamva m'chifuwa kuposa m'khutu, omwe sipika ya m'chitseko singawatulutse ngakhale mutainyengerera chotani, ndipo ndi ntchito ya sabuwufa, sipika yaikulu yoimba besi yokha. Koma besi yambiri ya m'nyimbo zomwe timamvera siikhala pansi choncho, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozera, masipika anu sanayambe n'komwe kugwira ntchito yomwe angathe, chifukwa chitseko chomwe mwawamangirirapo chikudya besi yonse isanafike kwa inu. Ndalama yanu yoyamba ipite pa chitsekocho.

Ndiyambe ndi manambala pang'ono kuti tidziwe chomwe tikusaka. Kutsika kapena kukwera kwa mawu kumayezedwa ndi ma Hz, kutanthauza maulendo omwe pepala la sipika, lija looneka ngati mbale, limapita kutsogolo ndi kubwerera pa sekondi imodzi. Khutu la munthu limamva kuyambira pa 20 Hz kufika pa 20,000 Hz. Nsambo yaikulu ya gitala ya besi ya nsambo zinayi imalira pa 41 Hz woimba akapanda kuipana, koma nthawi zambiri zala zake zimayenda pamwamba pa pamenepo, ndipo kugunda kwa ng'oma yaikulu yoimba ndi phazi kumakhala pakati pa 50 ndi 100 Hz. Sipika yabwino ya mainchesi 6.5, yomangidwa bwino, imafika pa 60 Hz popanda kudandaula. Mukuona kuti gawo lalikulu la besi lili m'manja mwanu kale.

Chomwe chimavuta pansi pa 60 Hz ndi kuchuluka kwa mpweya wofunika kukankhidwa. Mawu akatsika ndi theka, mwachitsanzo kuchoka pa 80 Hz kufika pa 40 Hz, sipika imayenera kukankha mpweya wochuluka kanayi kuti amveke mofanana. Pepala la sipika ya mainchesi 6.5 ndi lalikulu pafupifupi masikweya sentimita 135, pamene la sabuwufa ya mainchesi 12 limafika cha m'ma 500, ndipo limayenda mtunda wautali kutsogolo ndi kumbuyo. Mpikisano umenewo simungaupambane. Komabe galimoto yaing'ono ili ndi mwayi womwe chipinda cha m'nyumba chilibe. Funde la mawu a 50 Hz ndi lotalika pafupifupi mamita 7, pomwe Vitz yonse, kuyambira bampa ya kutsogolo mpaka ya kumbuyo, siikwana mamita 4. Fundelo silikwanamo, motero sipika imangopopa mpweya wonse wa m'katimo ngati pampu, ndipo mawu a pansi pa 70 kapena 80 Hz amakula okha magalasi akakhala otseka. Besi imeneyi ndi yaulere, koma imafika pokhapokha sipika ikakhala ndi poponda.

Tsono tibwere pa chitseko. Pepala la sipika likamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo kwake limakhala likuukoka. Ngati pali njira yoti mpweya wa kutsogolo uzungulire n'kukafika kumbuyo, mbali ziwirizo zimafafanizana, ndipo mawu oyamba kufa ndi a besi chifukwa mafunde ake ataliatali amazungulira mosavuta. Mutha kudzionera nokha: imbitsani sipika ili m'manja, mudzamva mawu owonda ngati a wailesi ya m'thumba, kenako boolani katoni yaikulu n'kuikhazika pa bowolo, mudzadabwa kumva besi ikutulukira. Bokosi la sabuwufa limagwira ntchito yomweyi yolekanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Sipika ya m'chitseko bokosi lake ndi chitsekocho, ndipo chitseko cha galimoto monga chinachokera ku fakitale ndi bokosi lobookabooka.

Mukachotsa chikuto cha m'kati mwa chitseko mudzapeza mabowo akuluakulu, olowa dzanja, omwe anasiyidwa kuti amakaniko azifikira makina okwezera galasi ndi loko. Chomwe chimatseka mabowowo ndi kapulasitiki kopyapyala kotchinga chinyezi, komwe sikangaletse mawu kudutsa. Yang'anitsitsaninso pomwe sipika yakhala. Masipika a Toyota a ku fakitale kawirikawiri amamangidwa ndi maliveti atatu pa chimango chawochawo chapulasitiki, ndipo woika masipika atsopano akabowola malivetiwo amapeza kuti mabowo sakugwirizana ndi a sipika yatsopanoyo. Ambiri amangokhomerapo masikuluwu awiri pomwe agwira, n'kusiya mpata wolowa chala m'mphepete. Ndikuganiza kuti ndi zomwe zinachitika pa galimoto yanu, ndipo ngati zili choncho, mpata umenewo wokha ndi wokwanira kupha besi ya sipika ya mtengo uliwonse.

Choyamba, sipika ikhale pa mkombero wolimba wolumikiza iyo ndi chitsulo cha chitseko. Mikombero yapulasitiki yopangidwira Toyota imagulitsidwa, koma kalipentala aliyense waluso akhoza kukudulirani pa pulayiwudi yokhuthala. Pewani MDF, thabwa lopangidwa ndi utuchi wopanikizidwa, pokhapokha itapakidwa vanishi mbali zonse, popeza madzi a mvula amatsetsereka pa galasi n'kulowa m'chitseko, ndipo MDF ikamwa madzi imafufuma n'kuyamba kunyenyeka dzinja lisanathe. Pakati pa mkombero ndi chitsulo, komanso pakati pa sipika ndi mkombero, ikani kamzere ka siponji yomata kuti pasadutse mpweya, ndipo mumange masikuluwu onse, osati awiri.

Mukatero tsekani mabowo akuluakulu aja. Dulani zidutswa za aluminiyamu yopyapyala kapena pulasitiki yolimba molingana ndi bowo lililonse, muzimange ndi masikuluwu aafupi kuti tsiku lina makaniko adzathe kuzichotsa, ndipo pamwamba pake mumate mphasa ya butyl. Iyi ndi mphira wakuda womata, wokhala ndi aluminiyamu mbali imodzi, wogulitsidwa ndi mayina ngati Dynamat ndi ena otsikirapo mtengo. Zidutswa zina za mphasayi muzimate pa lata lakunja la chitseko, kudzera m'mabowo musanawatseke, makamaka kuseri kwenikweni kwa sipika. Sikofunika kumata lata lonse. Gogodani ndi chala: pomwe pakulira ngati chitini chopanda kanthu pakufunika mphasa, ndipo mukamata pafupifupi theka la malo oterowo, kulirako kumasanduka kugunda kwakufa ngati kwa thabwa. Lata lonjenjemera limamwa mphamvu yomwe ikanakhala besi, ndipo phokoso la malata lomwe mwadandaula nalo limachokera pamenepo. Tsindikani mphasayo ndi chogwirira cha sikuludiraiva mpaka igwire paliponse, mutapukuta kaye fumbi ndi mafuta, chifukwa pa fumbi la m'misewu yathu palibe chomwe chimamata.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale. Pansi pa chitseko pali timabowo totulutsira madzi, ndipo timeneti musatitseke, apo ayi chitseko chidzasunga madzi n'kuchita dzimbiri kuchokera m'kati. Komanso timitengo ndi tizingwe ta loko tisiyireni mpata woyendamo, ndipo muyese kukweza ndi kutsitsa galasi musanabwezere chikuto. Pomaliza, zungulizani siponji kutsogolo kwa sipika kuti igunde chikutocho mukachibwezera, mawu azituluka pa timabowo take m'malo momwazikira kuseri. Makiyi, ndalama zachitsulo ndi mabotolo a m'thumba la chitseko muzichotse, chifukwa nthawi zina phokoso lomwe munthu amanamizira sipika limakhala la zimenezo.

Za kulemera musade nkhawa. Mphasa ya butyl imalemera makilogalamu awiri kufika anayi pa sikweya mita, ndipo zitseko ziwiri za kutsogolo za galimoto ngati yanu zimadya sikweya mita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Bokosi la sabuwufa ya mainchesi 12 la matabwa okhuthala limapitirira makilogalamu 15 musanawerengere ampulifaya yake.

Zitseko zili chitsegukire, onaninso mawaya. Sipika iliyonse ili ndi mbali ya + ndi ya −, ndipo imodzi ikalumikizidwa motembenuza, imakoka pamene inzake ikukankha, besi ya kumanzere n'kufafaniza ya kumanja. Chaka china anandibweretsera galimoto yomwe mwini wake anali atasintha masipika kawiri, ndipo anali wokonzeka kugula achitatu. Ndinaika nyimbo ya besi yambiri, n'kupotoza balance ya pa wailesi, yogawa mawu pakati pa kumanzere ndi kumanja, kupita kumanzere kokha, ndipo besi inakula sipika imodzi ikuimba yokha. Nditabwezera pakati inazimiririka. Amene anaika wailesi anali atasemphanitsa mawaya awiri kuseri kwa dashibodi, ndipo kukonza kwake kunatenga nthawi yochepa kuposa yomwe tinatha tikupatsana moni. Yesani zomwezo lero. Ngati mukufuna kutsimikiza, chotsani mawaya a sipika ku wailesi n'kuwagunditsa kamphindi pa batire ya tochi ya 1.5V: pepala likatumphukira kutsogolo, waya womwe uli pa + ya batire ndiye wa +. Batire ya galimoto musayesere, ndipo timasipika tating'ono ta mawu okwera musatiyese mwanjira imeneyi.

Tikambe za mphamvu. Nambala ya 50W x 4 yolembedwa pa wailesi ndi ya kamphindi kochepa kwambiri, mawu ataphwanyika kale. Mphamvu yomwe wailesi yotere imapereka mosalekeza, yotchedwa RMS, imakhala pakati pa mawati 15 ndi 22 pa sipika iliyonse, chifukwa kachipangizo ka m'kati mwake kamangodalira mavoti 14 a galimoto momwe alili. Chimodzimodzi 300W ya pa bokosi la masipika anu. Fufuzani nambala yaing'ono ya RMS, yomwe pa masipika otere imakonda kukhala pakati pa 30 ndi 60, ndipo dziwani kuti nambalayo ikunena za mphamvu yomwe sipika ingapirire, osati ukulu wa mawu omwe itulutse. Besi ndiyo imadya mphamvu kuposa mawu ena onse, motero wailesi ikafika pamapeto pa mphamvu zake, ng'oma ndiyo imayamba kumveka yophwanyika.

Mankhwala ake ndi ampulifaya yaing'ono ya Class D. Mtundu umenewu sutaya magetsi ambiri ngati kutentha, choncho sufuna chitsulo chachikulu choziziritsira, ndipo ilipo ya mawati 45 kufika 75 RMS pa sipika iliyonse yomwe imakwana pansi pa mpando, ina ngakhale kuseri kwa dashibodi, yosapitirira kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Kuchoka pa mawati 15 kufika pa 60 kumawonjezera 6 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu), ndipo chomwe mudzamve kwambiri ndi ng'oma yogunda mwamphamvu n'kuleka msanga m'malo molira mokoka. Batire ndi alitaneta ya Vitz zimakwanitsa ampulifaya ya msinkhu umenewu popanda kusintha kanthu. Waya wa magetsi uchokere ku batire mwachindunji, ukhale wa kopa weniweni ngati mungaupeze, chifukwa wotchipa wambiri ndi aluminiyamu wongokutidwa kopa ndipo umafuna kukhala wonenepa kuposa wa kopa kuti unyamule magetsi ofanana. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, mtunda wosapitirira masentimita 45, ndipo pomwe waya ukuboola chitsulo polowa m'galimoto pakhale kamphira kouteteza. Pa mfundo ya fyuziyi sindinyengerera munthu, popeza waya wopanda fyuzi ukakhudza chitsulo umayaka moto. Waya wa nthaka, wa mbali ya −, ukhale waufupi, womangidwa pa chitsulo chopalidwa penti.

Kabatani ka gain ka pa ampulifaya si voliyumu yachiwiri. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa ampulifaya ndi wailesi. Ikani bass ndi treble pa ziro, kwezani wailesi kufika magawo atatu mwa anayi, kenako kwezani gain pang'onopang'ono mpaka mutayamba kumva mawu akusintha, n'kubwerera pang'ono. Pamenepo musadzakagwirenso.

Chotsatirachi chimadabwitsa anthu ambiri, koma kuti mumve besi yambiri muyenera kudula ina. Wailesi zambiri zamakono ndi ampulifaya zili ndi HPF, sefa yomwe imaletsa mawu otsikitsitsa kufika ku sipika. Mawu a 30 kapena 40 Hz amavutitsa pepala la sipika yaing'ono, kulikankha mpaka pamapeto pa ulendo wake, osatulutsa chomveka, ndipo pamene likulimbana nawo limawononganso mawu a 70 ndi 80 Hz omwe likanawaimba bwino. Okhala ndi sabuwufa amadula pa 80 Hz. Inu yambani pa 63 Hz, mumvetsere, ndipo ngati zitseko zili chete yesani 50 Hz. Mukamva kakugogoda kouma ng'oma ikagunda, ndiye kuti pepala lafika pamapeto, bwererani m'mwamba msanga.

Kabatani ka bass kapena bass boost ndiko kamapha masipika ambiri. Kukweza besi ndi 3 dB kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri, ndipo 6 dB imafuna yowirikiza kanayi, mphamvu yomwe wailesi yanu ilibe. Ngati muli ndi equalizer, yokweza kapena kutsitsa magawo angapo a mawu paokhapaokha, kwezani pang'ono chabe cha pa 60 kufika 80 Hz, ndipo mutsitse pang'ono cha pa 200 kapena 250 Hz, pomwe galimoto zambiri zimalira ngati mgolo. Kutsitsa sikudya mphamvu, ndipo kumasiya besi yeniyeni poyera. Kabatani ka loudness kali ndi ntchito yake: kuyambira mu 1933 pomwe Harvey Fletcher ndi Wilden Munson anafalitsa zomwe anayeza pa kamvedwe ka khutu, zimadziwika kuti khutu silimva bwino besi mawu akakhala otsika, ndipo loudness imabwezeretsa gawo limenelo. Muziyatsa mukamamvera motsitsa, muzizimitsa mukakweza. Kuchuna konseku muzikuchita injini ikulira, kenako muyese pamsewu, chifukwa mkokomo wa matayala umakwirira besi yomwe imamveka bwino galimoto itaima.

Masipika omwe muli nawo musawataye musanachite zonsezi. Ngati pambuyo pake mudzafunebe ena, musayang'ane nambala yaikulu ya pa bokosi. Yang'anani RMS, sensitivity (kukula kwa mawu omwe sipika imatulutsa pa wati imodzi) ya cha m'ma 88 dB kupita m'mwamba, ndi Fs (ma Hz omwe pepala lake limanjenjemera mosavuta, pansi pake besi imayamba kuchepa) yotsika, cha m'ma 60 Hz, ngati opanga aitchula, ndipo muyeze kuya kwa chitseko galasi litatsitsidwa kuti magineti isaligunde. Mukachita zonsezi mudzakhala ndi ng'oma yomveka pa mwendo ndi gitala ya besi yomwe mungaitsate noti iliyonse. Kugudubuza kwa pansi penipeni kwa amapiano ndi hip hop kudzamveka mwa apo ndi apo, ndipo mnzanu uja adzakhala ndi ponyadira pa nyimbo zimenezo zokha.

FUNSO

Ine ndili ndi Daihatsu Mira. Ndinagula masipika awiri a 6x9 n'kuwaika pa kathabwa ka kumbuyo kophimba buti, koma akumveka mokweza chabe, besi ndi yochepa. Kodi ndinagula abodza?

Wowerenga wa ku Luwinga, Mzuzu

YANKHO

Mayi kapena Bambo, n'kutheka kuti masipikawo alibe mlandu. Sipika ya 6x9 ili ndi pepala la pafupifupi masikweya sentimita 200, lofanana ndi la sipika yozungulira ya mainchesi 8, choncho mwa masipika onse osakhala sabuwufa ndiyo ili ndi mwayi waukulu wa besi. Inapangidwira galimoto za saluni, momwe imamangidwa pa chitsulo cha kuseri kwa mipando, buti yonse n'kukhala bokosi lake. Mu Mira, kathabwa kophimba buti ndi kopepuka, kamangokhazikidwa, ndipo kali ndi mipata mbali zonse, motero mpweya ukuzungulira monga ndafotokozera pamwambapa. Dulitsani thabwa la pulayiwudi ya mamilimita 12 lokwana bwino malowo, mumate siponji m'mphepete, ndipo mulimange ndi mabawuti ku galimoto. Kumangako ndi nkhani ya moyo, chifukwa pa ngozi kapena pa buleki yadzidzidzi thabwa lonyamula magineti awiri olemera limauluka kulunjika mitu ya okhala m'galimoto. Timabokosi ting'onoting'ono ta 6x9 togulitsidwa m'misika timatseka mpweya bwino koma n'tochepa kwambiri mkati, ndipo sipika yopanikizidwa choncho imagunda cha m'mwamba osatsika. Mukamaliza, sunthani fader, yogawa mawu pakati pa masipika a kutsogolo ndi a kumbuyo, pang'ono kupita kutsogolo kuti woimba asamamveke ngati wakhala m'buti.

FUNSO

Mphasa ya butyl ndi yodula ndipo siipezeka kwathu kuno. Ku hadiweya kuli tepi ya phula yomatira denga lodontha, yooneka chimodzimodzi. Kodi singagwire ntchito?

Wowerenga wa ku Nchalo, Chikwawa

YANKHO

Ikhoza kuletsa lata kulira kwa masabata angapo, koma sindingakulangizeni, makamaka inu a ku Chigwa cha Shire. Phula limafewa likatenthedwa, ndipo chitseko cha galimoto yoima padzuwa la mu Okutobala chimatentha koti simungachigwire. Tepiyo imayamba kununkha, kenako imasenda n'kutsetserekera pansi, pomwe imakamata makina a galasi ndi kutseka timabowo ta madzi, ndipo kuichotsa ndi ntchito ya tsiku lonse ndi palafini. Ikakhala pa denga imagona chogona, pamene m'chitseko imakhala choimirira, ikugwedezeka pa bampu iliyonse. Ngati butyl simungaipeze, chitani mbali zina zomwe sizifuna butyl, pakuti ndi zomwe zimabweretsa besi yambiri: mkombero wolimba, siponji yotseka m'mphepete mwa sipika, ndi zidutswa zotseka mabowo akuluakulu, zomwe mungazimate m'mphepete ndi silikoni pang'ono. Mukadzapeza butyl ngakhale theka la sikweya mita, muidule pakati, chidutswa chilichonse mukachimate kuseri kwa sipika ya chitseko chake.